Mawu a Lefina

"Chotsani basi," ndinatero dokotala asanamalize n'komwe kulankhula.

Tinali m'chipatala china ku Lilongwe, ine ndi mkazi wanga Lefina. Kachotupa ka m'chithokomiro chake anakapeza mwangozi, pomujambula khosi atagwa pangolo ya fodya. Atakapima, anati ndi khansa.

Dokotalayo, mayi wofatsa, anandiyang'ana modekha. "Bambo Aloysius, n'kakang'ono kuposa njere ya chimanga, ndipo mtundu umenewu sufulumira. Ambiri amakalamba nako osawavutitsa. Muzibwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi tizikajambula. Kakayamba kukula, tidzachotsa nthawi ikadalipo. Opaleshoni nayo ili ndi zoopsa zake."

Ine khutu langa linali litatsekera pa liwu loti khansa. Bambo anga inawagwira kummero, ndipo anamwalira akulephera kumeza ngakhale madzi. Dokotala anati imeneyo ndi ina. Sindinamve.

Kwathu ku Nkhamenya nkhaniyo tinaikambira m'chigafa, tikusoka fodya.

"Bambo a Chancy, ine palibe pamene pakundipweteka," anatero Lefina, maso ali pa singano. "Tiyeni tidikireko monga anenera."

"Tidikire chiyani? Maliro? Fodya akagwidwa matenda timazula, sitimuonerera."

"Ine si fodya."

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinakwera njinga kupita kwa achimwene ake, a Wyson, n'kuwauza kuti mlongo wawo akukana chithandizo. Zoti dokotala yemwe ndiye anapereka maganizo odikira, ndinabisa. Anabwera ndi akuluakulu awiri, anamukhazika pansi tsiku lonse. Pomaliza Lefina anangoti, "Poti mwatero nonse, ndipita."

Anamuchita opaleshoni mwezi wa Juni. Kachotupako kanali kasanafalikire kwina kulikonse. Koma pochotsa, mtsempha wa mawu unakhudzidwa. Anatiuza kuti zimachitika kwa ochepa, ndipo nthawi zambiri mawu amabwerera.

Ake sanabwerere. Lefina, amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kwa zaka khumi ndi zisanu, anatsala ndi kamawu kosasa, kothera pakhosi. Anasiya kwaya. Lamlungu amakhala kumbuyo, buku la nyimbo lili chitsekere pamwendo.

Papita zaka zitatu. Mwina kachotupako kakanakula, mwina ayi, palibe angandiuze. Tsiku lina ndinamuululira zimene ndinabisa kwa achimwene ake.

"Ndinkadziwa," ananong'ona. "Munkaopa."

Mpaka lero sanandidzudzulepo.

Dzulo ndinali kumunsi kwa munda, kuthira feteleza. Nditaweramuka ndinamuona ataima pachulu, dzanja lili pakamwa, akundiitana. Mphepo inkandibweretsera kulira kwa mbuzi za a neba ndi belu la kumishoni. Sindikudziwa kuti anali ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Kenako anatsitsa dzanjalo, n'kuyamba kuwomba m'manja.