Alawansi ya Lucy

"Sitikupempha zambiri," anatero a Kingstone, akukokera mpando kumthunzi. "Mbuzi imodzi basi. Anthu akabwera kudzameta adye, azipita. Alawansi walandira dzulo, si choncho?"

Lucy anavomera ndi mutu. Envulopu ya ku Poly inali m'kati mwa bulauzi, ikumuwotcha ngati khala. Sabata inali isanathe chiikireni mayi ake, a Esnat, m'manda, ndipo pakhomo pawo ku Nkolokosa mipando inali ikadali panja. A Kingstone, akulu awo a bambo ake, anachokera ku Chikwawa. Sanali munthu wadyera ayi, ankangoopa manyazi. Bambo ake a Lucy, a Ignatius, anali pansi pa mpapaya, yunifolomu ya kunjanji ili pamiyendo, akuyang'ana batani lothothoka ngati sakudziwa kuti batani amalitani.

Mumtima mwake Lucy anali atapereka kale yonse. Sukulu ndi chiyani poyerekeza ndi mayi? Dzanja lili pakhosi pa bulauzi, kumpanda kunamveka odi.

Anali a Hajira, amene kwa zaka zambiri ankagulitsa usipa pabenchi yoyandikana ndi ya malemu mumsika wa Limbe. Anagwada, napereka moni kwa aliyense mosapupuluma.

"Ndabwera kudzatenga mwanayu. Tikupita ku Limbe."

"Mayi, tili pa nkhani ya pabanja," anatero a Kingstone.

"Ndaona, bambo, ndipo mundikhululukire. Koma anzangawo anandigwira dzanja kuchipatala, akuti, 'Hajira, sukulu ikatsegulira, Lucy asagone nayo ndalama ija. Upite naye monga ndimachitira ine.' Ine ndinavomera. Ndiye ndikawauza chiyani?"

A Ignatius anapinda yunifolomu ija pang'onopang'ono.

"Achimwene, msiyeni apite. Za mbuzi tiona ife akuluakulu."

Ulendowu Lucy ankaudziwa, ndipo kale unkamunyansa. Alawansi ikatuluka, anzake ankathamangira m'tauni kukagula nsapato zazitali ndi kukaonera kanema, pamene iye ankatsatira mayi ake m'fumbi la Limbe ngati mwana wa pulayimale. Lamulo la a Esnat silinkasintha. Poyamba zosawola. Kenako ku positi, kukasunga ya mwadzidzidzi. Yotsalayo ndi yako, palibe wokufunsa. Teremu ikafika pakati, anzake aja ankagogoda kuchipinda kwake, kapu m'manja, kupempha shuga, koma ngakhale pamenepo Lucy sanathokozepo mayi ake.

Anaonetsa makadi a chipani pachipata cha msika, monga linalili lamulo masiku amenewo, kuti a Hajira asiye dengu lawo, kenako analowa m'sitolo ya Mmwenye imene mayi ake ankaikonda. Makope, shuga, mafuta odzola, mtanda wa sopo. Lucy atatambasulira dzanja ku botolo la mafuta onunkhira, a Hajira anatsokomola.

"Amenewo akuthandiza mayeso?"

Mawuwo anali omwe aja a mayi ake, ngakhale katsokomoledwe. Lucy anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, pomwepo pakati pa matumba a shuga. A Hajira sanamutonthoze. Anangoima momutchinga kuti anthu asamuone, mpaka anamaliza.

"Mayi ako ankakunyadira," anatero a Hajira ali pamzere ku positi. "Msika wonse unatopa ndi dzina lako. Koma ankati mwana wanga ali ndi dzanja lofewa ngati bambo ake, tsiku lina adzapereka mpaka nsapato."

"Nanga inuyo mwatseka benchi tsiku lonse chifukwa cha ine?"

"Usipa ndi wouma. Undidikira."

Atabwerera ku Nkolokosa, dzuwa litapendeka, Lucy anapita pamene panali a Kingstone, nagwada. Anaika m'manja mwawo ndalama imene inatsala mu envulopu.

"Bambo aakulu, iyi ndiye yanga yeniyeni. Mbuzi sikwana."

A Kingstone anaiyang'ana, nayang'ana a Hajira, kenako anapukusa mutu akumwetulira.

"Mwendo umodzi wapezeka. Itatu inayo ndi ya ine ndi mng'ono wangayu."

Lucy anakhala pakhonde, natulutsa mtanda wa sopo uja. Anadula ulusi ndi mano, naukulunga pa zala, nayamba kucheka sopoyo m'zidutswa. Anazindandalika pawindo kuti ziume, popeza sopo wouma sathera m'madzi. Chidutswa chomaliza sanachiike pawindo. Manja ake anangochikulunga m'pepala la shuga, monga ankaonera, ndipo anaimirira osadziwa kuti akupita nacho kuti. Mayi ake nthawi zonse ankapatula chimodzi, koma Lucy anali asanafunsepo kuti n'cha yani.

A Kingstone anatembenuka. Maso awo anali pa kaphukusiko.

"Ndikabwera kuno," anatero motsitsa mawu, "ndinkachipeza m'chikwama ndikafika ku Chikwawa. Mlamu wanga sananenepo kanthu, inenso sindinanenepo."

Chikwama chawo chinali pakhomo, chotsegula. Lucy anawerama, nalowetsa kaphukusiko pansi pa malaya, natseka.