Zala za a Folomani

Make mapasa anafika pakhomo ali wefuwefu, kachikwama kali kukhwapa. Amuna awo, amene anthu onse mumsewu umenewo ankangowatchula kuti a Folomani chifukwa ankatsogolera gulu la amisiri omanga nyumba, anali pakhonde akupala simenti youma pachipande chomangira.

"Bambo, mukudziwa kuti tsiku lovota akanatibweza?" anatero mayiwo asanakhale n'komwe pansi. "Kusukulu kuja, kumene kukuchitikira kalembera wa mavoti, dzina langa kulibe. Akuti likadali komwe tinkakhala tisanasamukire kuno."

"Si muli nacho chiphaso chovotera inu? Chavuta n'chiyani?"

"Chiphaso ndili nacho, koma dzina linali m'kaundula wa dera lina. Mwayi wake ndapita nthawi ikadalipo, andisamutsira kuno. Ndinawapempha kuti aonenso lanu, akuti aliyense azibwera yekha ndi chiphaso chake cha unzika. Akutseka Lachisanu."

A Folomani anapitiriza kupala chipande chomwe chinali chitayera kale.

"Sabata ino tikuthira silabu ya konkire. Ndikawasiya okha anyamata aja andimangira khoma lopindika ngati nthochi."

Mayiwo anadabwa. Panalibe munthu wokonda kukamba za chisankho kuposa amuna awo. M'dzinja lapitalo madzi a m'ngalande yotsekeka anakokolola mmodzi wa mapasa awo mpaka pakamlatho, ndipo mwanayo anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Kuyambira pamenepo a Folomani ankauza aliyense kuti ulendo uno pafunika khansala woti akauzidwa za ngalande azimva. Nanga lero akuzemberanji?

Pafupi ndi geti lawo, pansi pa kashedi ka malata, pankakhala bambo wina wosoka nsapato. Ankayendera ndodo ziwiri chifukwa mwendo wawo wina unapuwala ali mwana, ndipo anthu anawapatsa dzina loti a Chidendene. Iwowa ndi amene anakumbutsa make mapasa za kalembera. Aliyense wobwera ndi nsapato ankamufunsa kuti, "Nsapato mutenga mawa, koma dzina lanu mwakaliona?"

M'mawa mwake a Folomani anaima pakashedipo ndi jombo imodzi m'manja.

"Achimwene, jomboyi yayamba kuyasamula. Tandithandizani."

A Chidendene anaitembenuza, n'kuyang'ana mwini wake. "Alamu anga akuti mukukana kupita kusukulu. Pamsinkhu wanuwu mukuopabe aphunzitsi?"

A Folomani anaseka pang'ono, kenako anakhala pabenchi n'kutambasula manja awo. Nsonga za zala zinali zosalala ngati galasi. Mizere yonse inali itadyeka ndi simenti.

"Chisankho chathachi ndinapita kukalembetsa," anayamba motsitsa mawu. "Ndinaika chala pamakina, anakana. China, anakananso. Mpaka zonse. Wina pamzere anafuula kuti, ‘Ameneyo ndi mzukwa, alibe zidindo!’ Anthu anafa nalo phwete. Ndinangotuluka, osabwereranso. Chiphaso chomwe ndimasunga m'sutikesi n'chakalekale. Ngakhale alamu anu sadziwa. Tsiku lovota ndinangoti kuntchito kwachuluka zochita."

A Chidendene sanaseke. Anaika jombo ija pansi.

"Ine ulendo wanga woyamba ndinapeza masitepe ataliatali, opanda pogwira. Ena anati ndibwerere, ena ankafuna kundinyamula ngati thumba. Ndinakhala pansi pomwepo n'kunena kuti sindichoka ndisanalembetse. Mapeto ake anatulutsa tebulo panja. Amene anakusekaniyo anavota, inu simunavote. Ndiye analuza ndani?"

Atatero a Chidendene anatola ndodo zawo.

"Imbirani anyamata anu ayambe kusakaniza mchenga. Ife tipitire limodzi."

"Nanga makasitomala anu?"

"Nsapato sizithawa, achimwene. Eni ake adikira."

Njira ya kusukulu inali yokwera mtunda, yamiyala. A Chidendene ankaponya ndodo patsogolo, n'kudzikoka, thukuta likuyenderera m'khosi. A Folomani atanena kuti apumule kaye, anayankha kuti akapuma pamzere. M'njira monse ankapatsa anthu moni n'kuwafunsa funso lawo lija. Mayi wina wogulitsa makala anasiyira mnzake malonda n'kuwatsatira.

M'kalasimo madesiki anali atakankhiridwa kukhoma, ndipo pabolodi panali padakali masamu a ana. Kutsogolo kunali tebulo, makina, kamera ndi nsalu yojambulirapo. Amene ankalemba anthu anali mayi wovala magalasi, wolankhula modekha. Analandira chiphaso cha unzika cha a Folomani n'kufufuza m'makinamo.

"Bambo, dzina lanu mulibe m'kaundula. Koma musadandaule, n'chifukwa chake tili pano. Tikulembani lero lomwe. Ikani chala apa."

Anaika. Kagetsi kofiira kanayaka. Anaika china, kanayakanso kofiira. A Folomani anayamba kudzuka pampando.

"Khalani pansi, bambo," anatero mayiyo. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimamanga nyumba."

"Ndinadziwa. Zala ngati zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku: za omanga, za ochapa zovala, za agogo. Ndi zala za ntchito. Tapakani chala chachikulucho pamphumi panu, chitengeko timafuta."

A Folomani anayang'ana a Chidendene, akuganiza kuti mwina akuwaseleula.

"Pakani, achimwene! Mphumi yonseyo mukuisungira chiyani?"

Anthu pamzere anaseka, koma ulendo uno a Folomani anaseka nawo. Anapaka chala n'kuchiika pamakina. Kofiira. Mayiyo anapukuta galasi la makina ndi kansalu, nawauza kuti asakanikize kwambiri. Anayesa chala cha dzanja lamanzere. Makina analira, kagetsi kobiriwira n'kuyaka.

"Mwaona? Ndipo zikanakana zonse, ilipo njira ina yomwe timatsata pamodzi ndi otiyang'anira. Sitibweza munthu chifukwa cha zala zake. Tsopano werengani bwinobwino zimene ndalembazi: dzina, tsiku lobadwa, ndi malo amene mudzavotere."

A Folomani anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira mawu. Anapeza kuti chilembo chimodzi cha dzina la bambo awo chasowa.

"Mwachita bwino kuona," anatero mayiyo akukonza. "Kachilembo kamodzi kakhoza kukuchedwetsani tsiku lovota."

Asanatuluke, a Folomani anafunsa kuti, "Mayi, anyamata anga ambiri zala zawo zili ngati zangazi. Ndingabwere nawo?"

"Bwerani nawo onse amene zaka zawo zakwana. Aliyense asaiwale chiphaso chake."

Madzulo a tsikulo a Folomani anauza akazi awo zonse, kuyambira za mzukwa zija. Make mapasa anagwira manja a amuna awo n'kuwatembenuza.

"Zala zimene zimatidyetsa pakhomo pano, inu n'kumachita nazo manyazi? Mukanandiuza kalekale, bambo."

Kuntchito a Folomani anakambirana ndi mwini nyumba kuti silabu athire m'mamawa, masana anthu apite kukalembetsa. Mmisiri wina wachinyamata ananyinyirika.

"Abwana, voti yanga imodzi ingasinthe chiyani?"

"Tachotsa njerwa imodzi pansi pa zenera ilo, tione ngati mwini nyumba angakulipire," anayankha a Folomani.

Masana amisiri onse anakwera lole ya mchenga, fumbi lili mbuu m'mutu. Ena anapeza mayina awo ali bwinobwino, ena anasamutsa, ndipo ena analembetsa koyamba m'moyo wawo. Mayi wa magalasi uja anawathandiza mmodzimmodzi osakwinya nkhope, ngakhale kuti pansi ponse panadzaza mapazi a simenti.

Tsiku lovota litafika, a Folomani ndi make mapasa anapeza mayina awo mosavuta. Kutsogolo kwawo bambo wina wovala jekete ankakangana ndi oyendetsa chisankho, akugwedeza chiphaso chakale m'mwamba. Dzina lake munalibe, ndipo nthawi yokonza inali itadutsa. Anabwerera akudandaula kuti akanadziwa. A Folomani anamumvera chisoni kwambiri. Analowa m'kachipinda kovotera, anachonga munthu wa kumtima kwawo, n'kuponya pepala m'bokosi ndi dzanja lawo.

Kukhala ndi chiphaso chakale sikutanthauza kuti dzina lanu lili m'kaundula. Nthawi ya kalembera ikafika, pitani nokha ndi chiphaso chanu mukaone ngati dzina lilipo, ngati lalembedwa molondola, ndiponso kumene mudzavotere. Ngati munasamuka, kasamutseni dzina. Ngati simunalembetsepo, kalembetseni. Pakakhala chovuta, funsani ogwira ntchito pamalopo, chifukwa ntchito yawo ndi kukuthandizani. Ndipo popita musapite nokha: gogodani pakhomo la mnzanu, mumutenge.