Sateni Wofika m'Mawondo

"Sisi, mwatalikitsa," anatero Paida, akukoka kabudula wa sateni amene anamufika m'mawondo.

Melina, mkulu wake, sanadzutse mutu pamakina osokera. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo, ndipo telala aliyense ku Machipisa anali atabwerera ku makina opalasa ndi phazi. Paida ankavina mokwera ndi kuzungulira chitsulo choimika m'kalabu ina m'tauni. Malonda atavuta, eni ake anati Loweruka asankha atsikana anayi okha otsala pantchito.

"Ndakuphimba ntchafu kuti uzioneka mwana wa anthu," anatero Melina.

"Chitsulo chimagwira khungu, sisi, osati sateni. Mwayamba liti kuiwala?"

Melina sanaiwale. Zovala zonse zovinira za Paida ankasoka ndi iye: kakabudula kothina koma kosaluma, kamisolo yosavuka munthu akazondoka, tonyezimira kumsana kokha kuti tisakande. Koma sabata yatha, Paida akuyesa chovala chofiira, Laston, mwamuna wa Melina, anaima pakhomo nthawi yaitali, ndowa yamadzi ili m'manja. "Alamu, koma ndiye mwatchena," anatero. Tsiku lomwelo Melina anali atavala diresi yatsopano. Laston sanaione.

"Tayesa kaye," anatero Melina.

Awiriwo anapita kuseri kwa nyumba, kumene kunali chitsulo chomangapo waya woyanikira zovala. Paida anachipukuta ndi chitenje n'kukwera mopepuka. Atachipana ndi ntchafu n'kuchotsa manja, sateni anaterera. Paida anagwera phewa pasimenti.

Anakhala pansi kanthawi, akupumira m'mwamba.

"Mumadziwa," anatero.

"Ndimafuna uoneke waulemu."

"Ngati vuto ndi alamu, mukanawasokera iwowo chophimba m'maso."

Melina anatulutsa sizasi m'thumba la epuloni. "Bwera ndidule. Sindichedwa."

Paida anayesa kukweza mkono. Unafika pachifuwa n'kukana. Anayesanso, ataluma mano, kenako anausiya.

Loweruka anapitabe, mkono uli m'mpango. Sanasankhidwe. Mwezi utatha anabweza kachipinda kake ka lendi ku Sunningdale, ndipo mumzinda monsemo analibe m'bale wina.

Melina anamuona pawindo akubwera, chikwama chili pamutu. Anasiya kupalasa makina kuti akamuchingamire, koma Laston anali atafika kale pageti.

"Alamu, tulani ndikunyamulireni. Pano ndi panu."