Kachitsulo ka pakati pa magalasi

Katatu konse mkulu wina wa nsapato zoyera anabwera ku Piyasa, mu mzinda wa Addis, kudzaona Volokisi yakale ya bambo wina, Ato Zewdu, ndipo katatu konseko sanapemphe kuti ailize. Wogula weniweni amatchera khutu ku injini, amaponda matayala. Uyu, Natnael dzina lake, ankangopita kumbuyo n'kumasisita kachitsulo kogawa galasi lakumbuyo pawiri.

Galimotoyo inali ya malemu bambo awo. Ato Zewdu ankaigulitsa mtima ukuwawa, chifukwa maso a akazi awo, Woizero Aberash, anali atachita ng'ala, ndipo dokotala ananena kuti opaleshoni isachedwe.

Natnael anatchula mtengo. Unali wokwanira maso onse awiri n'kutsalako. Iye anafotokoza kuti Volokisi za magalasi awiri kumbuyo anasiya kuzipanga kalekale, n'kubweretsa za galasi limodzi lozungulira, kenako lalikulu, ndiye osunga magalimoto akale amazisaka usana ndi usiku. Anawonjezera, uku akuseka, kuti agogo ake ndi amene ankaikonza galimoto imeneyi.

Apa ndiye Ato Zewdu anayamba kumuyang'ana cham'mbali. Munthu wamutu wake angakhuthule thumba chifukwa cha timagalasi toti suona nato bwino pobwerera m'mbuyo? Bambo awo anali amalonda a khofi osakhulupirira banki, ndipo golide wawo sanapezeke atamwalira. Makaniko ndiye amadziwa mphako zonse za galimoto. Mdzukulu wa makaniko akusisita malo amodzimodzi, ndiye iwo akhale chitsiru?

"Mugulitseni munthuyo, bambo, kukayikira kwanuko kwakula," anatero Woizero Aberash.

"Iwe suona, ine ndikuona," anayankha.

Loweruka m'mawa Ato Zewdu, pofuna golide uja, anachotsa magalasi aja n'kudula kachitsuloko ndi sowo, pamwamba ndi pansi. Anakagogoda pamwala, anasuzumiramo, anapisamo waya. Munatuluka dzimbiri ndi kangaude wouma.

Lolemba Natnael anabwera ndi lole yodzanyamulira. Anapita kumbuyo kwa galimotoyo n'kupeza kachitsulo kaja palibe.

"Bambo, mwadula chimene ndimagulacho," anatero motsitsa mawu. "Zotsalazi zili mbwee mu Addis muno."

Ato Zewdu anachita manyazi oti sanachitepo chibadwire. Lole itachoka yopanda kanthu analowa m'nyumba, kachitsulo kali m'manja. Akazi awo ankakazinga khofi, akuyendera fungo poti nyembazo sankaziona. Anatembenukira kumene kunamveka mapazi, akumwetulira.

"Ndamva lole ikupita. Ndiye dokotala timuuze tsiku liti?"