Tepi ya pa Firiji

"Gwirani pansi, imwe! Ni ya mlongo wanga iyo!" anakuwa ba Nsama, amuna awiri aganyu akukokera firiji kukhomo.

Maluwa a pamanda a Chewe anali asanafote. Ba Nsama, mlongo wake wamkulu, anabwera kuchokera ku Kitwe ndi misozi yochepa ndi lole yaikulu. Lillian, mkazi wa malemu, anali pamatiresi pakona, duku lakuda kumutu. Firijiyo ndiyo inkadyetsa ana: ankaumitsiramo maaisi ogulitsa pokwerera minibasi ku komboni ya George.

"Ba mulamu, tengani mipando," anatero Lillian. "Iyo tisiyileniko."

"Munabwera nayo kuchoka kwanu?"

Chewe anali wozokota mayina pa magalasi, pa zikho za mpira ndi pa zikwangwani. Lamulo lake linali limodzi: chinthu cha kasitomala sachikhudza asanayesere pena. Ankamata tepi, kudula zilembo ndi lezala, kupaka mankhwala odya chitsulo, n'kuona ngati aluma bwino. Tsoka lake, penapo nthawi zonse pankakhala pa katundu wa m'nyumba. Atatopa ndi kukalipiridwa, mwamunayo anachenjera: akayesa, ankaphimbapo ndi tepi ina, ati akuteteza penti. Lillian ankadziwa kuti ndi bodza, koma anasiya kusuzumira. Ukwati umafuna diso limodzi lotsinzina.

"Nanga vinyalala ivi?" Ba Nsama anakanda tepi ya pachitseko cha firiji ndi chikhadabo, n'kuisenda.

Pansi pake panali dzina: LILLIAN. Anasenda ina. Lillian, zilembo zopendama ngati za pa keke. Ina, Lillian wowonda, mankhwala sanalume. Ina, Lillian wonenepa, mankhwala anapyola. Chitseko chonse chinali mkazi mmodzi.

Waganyu wina anatsokomola pobisa phwete. "Amayi, iyi simungagulitse. Azakamba ati munaba."

"Tizapala!"

"Mukapala muzaboola. Yaloba mukati."

Ba Nsama anazunguliranso firijiyo, akusenda mofulumira tsopano, mmbali, kumbuyo, ngati wina wofufuza dzina lake pa zotsatira za mayeso. Tepi inatha. Anaima nayo itamatirira ku zala.

"Olo kamodzi chabe," anatero motsitsa mawu. "Ine ninamulera uja."

Anamatula tepi ija ku zala, natembenukira kwa aganyu aja.

"Isiyeni. Kwezani mashini ake ozokotera na mipando."

Anakweza. Lole italira n'kukhota pa kiyosiki ya madzi, m'nyumba munatsala firiji, matiresi ndi mabala a miyendo ya mipando pasimenti.

Lillian anadzuka. Anawerenga dzina lake lonselo mwakachetechete, kenaka anatukwana malemuyo pang'ono: "Chiwelewele iwe, penti yanga."

Anatola kachidutswa ka tepi pansi, nakamata pa Lillian wopendama uja, n'kukasisita ndi chala chachikulu kuchokera pakati kupita kunja, kuti mphepo isalowe, monga ankachitira mwamuna wake.