Dzina la Kuseri kwa Khadi

Mlamu wake anafika Loweruka m'mawa pa galimoto yobwereka. Anaimika pansi pa zenera n'kukwera masitepe akupuma wefuwefu. Inki anamutsegulira chitseko ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linali m'chikhakha. Dzina loti Inki anamupatsa ndi anzake a kuntchito chifukwa zala zake sizinkayera ngakhale azitsuke ndi sopo wochapira zovala. Tsopano zala zotulukira kunja kwa chikhakhacho zinali zoyera mbee, ngati za munthu amene sanagwirepo ntchito chibadwire.

"Achimwene ali kuti?"

"Ali pabalaza. Adya, mankhwala amwa."

"Adzuka bwanji lero?"

"Lero ndi munthu," anayankha Inki.

Mlamuyo anagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo maso ake anali asanapume. Ananyamula mkono wa Inki, nayang'ana zala, nazitsina pang'ono kuti aone ngati magazi akuyenda.

"Alamu, ine sindinabwere kudzalanda munthu," anatero. "Kwathu kuli mpanda, kuli anyamata anga akuluakulu oti angathe kuwagwira zikayamba zija. Inu muli nokha, ndipo dzanja latsala limodzi. Koma mwamuna ndi wanu. Mukangonena mawu amodzi, ndibwerera ndekha, mafuta a galimoto si nkhani."

Inki anagwedeza mutu. Chikwama cha mwamuna wake anali atalongedza kale dzulo lake, malaya pansi, mabuluku pamwamba, ndipo polongedzapo sanamve chilichonse. Anayembekezera kuti misozi ibwera akafika pa juzi imene anamulukira yekha. Anaipinda juziyo, naiika, natseka zipi. Mumtima munali zii.

Mwamuna wake ndiye anayambitsa masewera a makadi otchedwa Belu Lomaliza. Azibale ankaseka kuti munthu wophunzira wasiya ntchito yabwinobwino n'kuyamba njuga, koma sinali njuga ayi. Linali tauni lapapepala, lokutidwa ndi nkhungu chaka chonse, lokhala ndi tchalitchi chong'aluka nsanja, manda odzaza mileme ndi nyumba zazitali zoyatsa makandulo masana. Mwamunayo ankalemba malamulo, Inki ankajambula. Anayamba pa tebulo lodyera, kenako anapeza kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo posakhalitsa achinyamata anayamba kugula makadiwo m'timapaketi n'kumasinthana m'makonde mwa masitolo, mkangano uli pakamwa.

Chimene chinkawakopa chinali kusanduka. Makadi ena anali ndi nkhope ziwiri. Kutsogolo kunali munthu wa m'tauni muja, wophika buledi kapena wosula zitsulo, dzina lake litalembedwa pansi pa chithunzi. Kuseri kunali mmbulu. Pakati pa tebulo pankakhala khadi la mwezi, limene linkasuntha aliyense akamaliza kuponya, ndipo mwezi ukadzaza, makadi a nkhope ziwiri aja ankatembenuzidwa. Mmbulu unali ndi mphamvu zoposa khadi lina lililonse, koma sunkasankha. Unkaluma adani, unkalumanso a mbali yake yomwe. Kuti ubwerere kukhala munthu, mwini khadi ankayenera kutchula dzina la munthuyo osasuzumira kuseri, mnzake asanamalize kugogoda patebulo katatu. Akalephera, khadi linkapita kumanda, ndipo manda ake chinali chivundikiro cha bokosi.

Anzawo a kuntchito analidandaula lamulo limeneli kuti ndi lovuta, anthu amaiwala. Mwamunayo anakana kulichotsa.

"Dikirani pang'ono," anatero tsiku limenelo, chala chili m'mwamba. "Ngati simukumudziwa dzina, mukumufuniranji kuti abwerere?"

Ankayamba choncho chilichonse. Ukamufunsa ngati akufuna tiyi, dikirani pang'ono. Tsiku limene Inki anamufunsa ngati zoti akwatirana n'zoona kapena akungomutayitsa nthawi, yankho linayambanso ndi mawu omwewo, chala chili m'mwamba. N'chifukwa chake Inki pojambula woimba belu wa m'tchalitchi chong'aluka chija, anamupatsa mphuno ya mwamuna wake, makutu ake otambalala ndi kampata ka m'mano, nalemba pansi pake kuti Dikirani. Mwamunayo anaseka mpaka kukhala pansi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Masana ena akuchokera kosindikizitsa makadi, njinga yamoto imene anakwera inawombana ndi lole, ndipo iye anakamenyetsa mutu pa ngalande ya simenti. Anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yake, anthu n'kumati Mulungu ndi wamkulu. Koma amene anabwera kunyumbayo ankaiwala kumene kuli bafa, ankamutcha Inki kuti amayi inu, ndipo nthawi zina, popanda chifukwa chooneka, nkhope inkauma, mbale n'kuyamba kuuluka. Zikatha ankakhala pansi phee, osakumbuka kanthu. Anthu odzazonda ankati ukwati n'kupirira, akatero n'kubwerera kwawo kokagona tulo tabwino. Inki anapirira mpaka tsiku limene mwamunayo anamugwira dzanja lojambulira n'kulipotokola ngati akufinya chovala, chifukwa choti anamuletsa kuika ketulo yapulasitiki pamoto.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a masewera aja sanachoke m'mutu mwake ngakhale limodzi.

Inki ndi mlamu wake atalowa pabalaza anamupeza mwamunayo atakhala patebulo, bokosi atatsegula, makadi akusakaniza mwaluso ngati kale.

"Amayi inu, mumatha?" anafunsa.

"Ndimatha pang'ono, bambo."

"Khalani pamenepo. Alendowo adikire."

Mlamu uja anakhala pa mpando wa pakona, kachikwama kake kali pamiyendo. Inki anayala makadi ake patebulo poti sakanatha kuwagwira ndi dzanja limodzi. Mwamunayo anatembenuza nkhope kuti asawaone, ulemu wake wakale uja.

Anasewera mwakachetechete. Iye anaponya wokumba manda, Inki anaponya mayi wogulitsa makandulo. Iye anatseka msewu wa kutchalitchi ndi nkhungu, Inki anatola khadi pamulu, n'kupeza kuti ndi woimba belu. Analiyang'ana kanthawi. Makutu aja, kampata kaja. Analiika patebulo chifukwa panalibe lina loti aponye.

"Khadi labwino limenelo," anatero mwamunayo. "Ndi losowa. Ana amapereka makadi ambiri kuti alipeze."

Mwezi unasuntha, unasunthanso, kenako unadzaza. Mwamunayo anatambasula dzanja n'kutembenuza woimba belu uja. Mmbulu wake Inki anaujambula mosangalala nthawi imeneyo, akuimba kanyimbo, naupatsa malovu ndi maso achikasu, koma makutu anawasiya otambalala kuti anthu aziseka. Mmbuluwo unadya wokumba manda. Ulendo wotsatira, monga mwa lamulo, unatembenukira kwawo n'kudya mayi wogulitsa makandulo.

"Ukutherani anthu," anatero mwamunayo. "Muuitane. Mukatchula dzina ubwerera."

Anapinda zala n'kugogoda patebulo kamodzi.

Dzinalo Inki ankalidziwa kuposa lake lomwe. Analilemba yekha ndi kaburashi kakang'ono, lilime ataluma. Linali pakamwa pomwepa, lokonzeka, ndipo chimene chinkafunika n'kungotsegula milomo. Anayang'ana dzanja logogodalo. Linali dzanja lomwe lija limene linkamusisita khosi akawerama nthawi yaitali pa zojambula, ndipo linali lomwe lijanso la tsiku la ketulo. Anafufuza mumtima mwake kuti apezemo chikondi, kapena mkwiyo, kapena mantha okha, chilichonse choti chimukankhe. Anapeza kutopa basi.

Mwamunayo anagogoda kachiwiri.

Kachitatu sikanabwere msanga. Dzanja linaima m'mwamba, chala chimodzi chitatambasuka pang'ono. Lamulo silinkalola zimenezo, ndipo munthu ameneyu sankaphwanya lamulo la masewera ake. Kaya anasokonezeka powerenga, kaya ankamupatsa mpata, Inki sanadziwe. Maso a mwamunayo anali pa iye, ofatsa, opanda funso. Pakona paja mlamu anasiya kusewera ndi zipi ya kachikwama.

Dzanja linatsika, tebulo linalira.

Mwamunayo anatola khadilo n'kuliika m'chivundikiro, mmbulu uli pamwamba.

"Mwaiwala, amayi."

"Ndaiwala, bambo."

"Musadandaule. Limeneli ambiri amaiwala."

Masewera anapitirira pang'ono, iye anapambana, nasonkhanitsa makadi mosangalala. Mlamu anaimirira n'kumuyang'ana Inki nthawi yaitali. Inki anapita kuchipinda, nabwera akukoka chikwama ndi dzanja lamanzere.

"Achimwene, tiyeni mukaone ana," anatero mlamuyo. "Akhala akukufunsani."

"Kutali?"

"Pafupi pomwepa."

Mwamunayo anavala nsapato yekha, namanga zingwe bwinobwino. Pakhomo anatembenuka n'kugwira Inki dzanja lamanzere ndi manja awiri, monga amachitira munthu kwa mlendo amene wamulandira bwino.

"Mumasewera bwino. Mungoloweza mayina."

"Ndiloweza. Muyende bwino, bambo."

Anamva mapazi awo akutsika masitepe, a mlamu olemera, a mwamunayo okhwekhwereza kumanzere. Atabwerera pabalaza anaona chipewa chili pampando. Chinali chipewa chimene adokotala anati asamayende padzuwa osavala, chifukwa cha chipsera cha m'mutu chija. Anachitola n'kupita pazenera, limene linali lotsegula kale.

Galimoto inali pansi pomwepo, magalasi otsitsa. Mlamu anali akulimbana ndi kumumanga mchimwene wake lamba wa pampando. Kenako anazungulira, nakhala pa chiwongolero, napotokola kiyi. Injini inatsokomola n'kuzima. Anayesanso, inazimanso. Kunja kunali bata loti ngakhale munthu wolankhula motsitsa akanamveka, ndipo mawu oti munthu anene akaona alendo akusiya katundu ndi amodzi okha, oti mwaiwala, mwana aliyense amawadziwa. Inki anaima pamenepo, chipewa chili m'manja, milomo itagwirana.

Ulendo wachitatu injini inalira. Galimoto inabwerera m'mbuyo, inakhota pa sitolo ya mankhwala, osaonekanso.

Inki anakoloweka chipewacho pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Pobwerera patebulo anapeza kuti mwamunayo, posonkhanitsa makadi, anasiya limodzi m'chivundikiro. Sanalitembenuze. Anavundikira bokosilo momwemo, n'kupita kukatsuka makapu ndi dzanja limodzi.