Kumbuyo kwa Saulos

Nthambi ya ku Erdington inatuma Ackson ku konvenshoni ya bungwe la Amalawi a ku Midlands ndi mawu amodzi: akavotere Saulos pa upulezidenti. Ackson anavomera ndi manja awiri. Akanakana bwanji? Chifikireni ku Birmingham ankagona pa sofa ya Saulos, ndipo ngakhale jekete limene anavala tsikulo linali la Saulos yemweyo.

Koma sukulu imavuta. Ackson ankachita digiri yachiwiri ya zandale, ndipo mlungu wonse anakhala akudzitsimikizira kuti nthumwi si mbuzi yokokedwa pachingwe, ili ndi chikumbumtima chake. Chikumbumtimacho chinkafuna Rabecca, nesi wa ku Solihull, mayi wodziwa kuyendetsa zinthu. Komanso voti ndi yachinsinsi. Suja kumudzi anthu anali atangoimenyera nkhondo kumene?

Mu holo ya tchalitchi ku Smethwick, wapampando anakanda m'mutu. "Abale, ma ballot paper sitinapange photocopy. Tingochita zakwathu. Aliyense aime kumbuyo kwa candidate wake. Ma candidate, yang'anani kuzenera, no peeping!"

Ackson anadzilimbitsa mtima kuti msana ulibe maso, nanyang'ama kukaima kumchira kwa mzere wa Rabecca.

Chimene digiri sinamuphunzitse n'chakuti mu Disembala kuno kumada anthu asanaweruke, ndipo zenera la holo yoyaka magetsi limasanduka kalilole. Atadzutsa mutu, maso ake anakumana ndi a Saulos m'galasimo. Saulos sanakwiye. Anangoyang'ana jekete lija, kenako wolivalayo.

Chikumbumtima chinaliyatsa liwiro. Ackson, manyazi atamugwira, anayamba kusendera kumzere wa Saulos pang'onopang'ono ngati sakufuna. Tsoka ilo, wowerenga mavoti anali atamaliza kale mzere umenewo, ndipo pofika kumchira kwa Rabecca anamupeza ali pakati, mwendo uku mwendo uku.

"Achimwene, inu muli kuti?" anafunsa wowerengayo.

"Ndifotokoze kaye. In principle…"

"Spoilt vote!"

Holo yonse inafa ndi phwete. Pa chisankho chopanda pepala, voti yowonongeka inali munthu wamoyo, wovala tayi.

Rabecca anapambana ndi mavoti ambiri, moti voti ya Ackson sikanasintha kanthu, ndipo izi ndizo zinamupweteka kwambiri. Panja kunkazizira koopsa, koma iye anayamba kuvula jekete kuti abweze kwa mwini wake.

"Valani, mungadwale," anatero Saulos, akumutsegulira chitseko cha galimoto. "Koma mukhale kutsogolo kuno. Kumbuyo kwanga ndasiya kukudalirani."